Mai Irene Mambilima, Woyang'anira Masankho

Pali nchito zina za Boma zimene anthu saziganizira kufikira tsiku la mabvuto. Imodzi mwa izo ndiyo ya wapampando wa bungwe loyang'anira masankho. Munthu wotere alibe asilikali, koma pa tsiku lowerenga mavoti mtendere wa dziko lonse umakhala m'manja mwace.

Mai Irene Mambilima anabadwa m'caka ca 1952 m'boma la Fort Jameson, limene lero lichedwa Chipata. Anaphunzira malamulo pa Yunivesite ya Zambia ndi ku London, nalowa nchito ya Boma mu 1977. Pambuyo pace anatsogolera ofesi yoimira amphawi osakhoza kulipira loya pa mirandu yao, ndipo anakwera pang'ono pang'ono kufikira anakhala woweruza m'bwalo lalikulu koposa. Pokhala wapampando wa bungwe la masankho, anayang'anira masankho a 2006, a 2011 ndi a January 2015.

Ciyeso cacikuru cinadza mu 2011. Anthu anaponya mavoti pa 20 September, koma anapita masiku awiri osamveka wopambana. Inu a ku migodi mukumbukira bwino cipolowe cimene cinabuka ku Kitwe ndi ku Ndola, pakuti anyamata anaganiza kuti mavoti alikubedwa. Tsono anthu a ku Petauke ndi ku Nyimba, pamodzi ndi anzao ambiri a Kum'mawa, anali atasankha a Rupiah Banda, mwana wa kwao, amene anali pa mpando nthawi imeneyo. Kodi mai wobadwira Kum'mawa komweko akanalola kuti wa kwao agwe?

Mai Mambilima sanafulumire cifukwa ca phokoso la m'miseu, ndiponso sanakhotetse kanthu cifukwa ca cibale. Bungwe lace linayamba latsimikiza ciwerengero ca dera liri lonse, ndipo pamenepo nkuciulutsa. Pakati pa usiku, kuca kwa 23 September, mkuru wa oweruza, a Ernest Sakala, analengeza kuti a Michael Sata apambana. A Banda anabvomera, natsika pa mpando mwamtendere.

Mu January 2015 mpikisano unali woopsa koposa, pakuti a Edgar Lungu anaposa a Hakainde Hichilema ndi mavoti osafika 28,000 m'dziko lonse. M'caka comweco Mai Mambilima anaikidwa kukhala mkuru wa oweruza onse a m'Zambia, mkazi woyamba kutsimikizidwa pa udindo umenewu. Anamwalira ku Cairo pa 20 June 2021, ali pa ulendo wa nchito.

Mlimi wa ku Nyimba amene munthu wace anagonja, ndi mnyamata wa ku mgodi amene wace anapambana, onse awiri anadzuka m'mawa mwa 23 September napita ku nchito zao, popeza mavoti ao anawerengedwa monga momwe anawaponyera.