Moto wolusa ndi nthaka: zomwe zimachitika pansi pa lupsa

Kuyambira mwezi wa August kufikira mvula yoyamba, mapiri a ku Namizimu ndi Phirilongwe m'boma la Mangochi amaoneka ofiira usiku. Moto wambiri umayatsidwa ndi anthu: osaka mbewa, ofula njuchi, ootcha makala, oweta ziweto ofuna msipu watsopano, ndi alimi ososa m'munda omwe moto wawapulumuka. Mitengo yopserera aliyense amaiona. Zomwe zachitikira nthaka zimadziwika mochedwa, nthawi zina patapita zaka.

Dothi louma silifulumira kutengera kutentha, choncho moto wa udzu wothamanga ndi mphepo umawononga masentimita ochepa okha a pamwamba. Vuto n'lakuti chonde chimakhala pamwamba pomwepo, m'masamba oolerana ndi m'dothi lakuda lija. Nyongolotsi, timizu ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso tomwe timaoletsa zinyalala timafa kutentha kusanapitirire kwenikweni madigiri 100. Kukafika pa madigiri 200, manyowa a m'nthaka amayamba kupsa, ndipo nayitirojeni, michere yomwe timaigula modula m'thumba la Urea, imauluka ndi utsi. Pa madigiri pafupifupi 500 manyowa onse amakhala atatha. Pomwe panapsera chitsa kapena chipika kwa tsiku lonse, dothi limafiira ndi kuuma gwa ngati njerwa yootcha, ndipo pamatenga nthawi kuti pamerenso kanthu.

Nanga bwanji udzu umaphuka wobiriwira pa lupsa, ndipo maungu amachita bwino pomwe panatenthedwa zinyalala? Alimi sanama. Phulusa limasunga potaziyamu, kashiyamu ndi fosiforasi, michere yomwe siuluka msanga, ndipo limachepetsa asidi m'nthaka. Abemba a kumpoto kwa Zambia amadziwa zimenezi kuyambira kale: pa ulimi wa chitemene amadula nthambi pa malo aakulu, kuziunjika pa malo ochepa, kuzitentha, kenako n'kufesa mawere m'phulusamo. Komatu iwo ankasiya malowo kuti agonere zaka zambiri. Phindu la phulusa ndi la nyengo imodzi kapena ziwiri, ndipo pamtunda wotsetsereka lambiri limauluzika ndi mphepo kapena kutsukidwa ndi mvula mbewu zisanalipeze.

Chinthu chomwe ambiri sachidziwa ndi chakuti moto ungachititse nthaka kukana madzi. Masamba ena, monga a paini ndi bulugama, ali ndi mafuta ndi phula. Zikapsa, nthunzi yake imalowa m'dothi, n'kukazizira pansi pang'ono, n'kukuta mchenga ngati wapakidwa kandulo. Mukathira madzi pa dothi lotere, madontho amangokhala pamwamba osalowa. Dothi la mchenga ndi lomwe limagwidwa kwambiri ndi vutoli.

Tsono mvula yoyamba imapeza nthaka ili pambalambanda. Palibe masamba otchinga madontho, ndipo manyowa omwe amamata timibulu ta dothi apsa. Madzi m'malo molowa pansi amathamanga, kukumba zigwembe ndi kutenga dothi la pamwamba. Zitsime ndi timitsinje zimaphwa msanga m'chilimwe chifukwa pansi sipanamwe. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja nkhani siithera kuphiri. Matope omwe Linthipe, Bua ndi mitsinje ina imatsitsa amakwirira mchenga wa m'madzi osaya pomwe chambo chimakumba zisa zake, komanso ndere za pa miyala zomwe mbuna zimadya. Moto si wokha wobweretsa matopewa, kulima m'mphepete mwa mitsinje ndi kudula mitengo kulinso momwemo, koma lupsa la m'mapiri limaonjezera katundu chaka ndi chaka.

Nthawi yotentha ndi yomwe imasiyanitsa kwambiri. Ku Ndola m'dziko la Zambia, akatswiri a za nkhalango adayamba kafukufuku mu 1933 pa nkhalango ya miombo yofanana ndi yathuyi. Chigawo china ankachitentha kumayambiriro kwa chilimwe, china kumapeto, china osachitentha konse. Komwe ankatentha mochedwa chaka chilichonse, mitengo ya miombo idatha pang'onopang'ono, n'kutsala udzu ndi mitengo yopirira moto monga mlombwa. Komwe ankatentha moyambirira nkhalango idapitirira kukhalapo. Chifukwa chake n'chosavuta: mu May ndi June udzu umakhala usanaumitsitse ndipo pansi pamakhala chinyezi, motero moto umangoyenda mwa apo ndi apo. Mu October chilichonse chimakhala chouma ndipo moto umanyeketsa mpaka zinyalala za pansi. Miombo ikatha, bowa wambiri wa m'dzinja amasowanso, poti amamera modalira mizu ya mitengo imeneyi.

Nthaka yopsa kamodzi ndi moto wochepa imachira m'nyengo zochepa za mvula, chifukwa mizu ndi mbewu za pansi zimapulumuka. Yopsa chaka chilichonse ilibe mpata wobwezeretsa manyowa. Munda ukapsa, chothandiza msanga ndi kuuphimba ndi mapesi kapena udzu mvula isanagwe, kuika mizere yopingasa potsetsereka, kuthira manyowa a khola, ndi kubzala nandolo, mtedza kapena khobwe, zomwe zimabwezeretsa nayitirojeni. M'malire a munda ndi tchire, njira yotchinga moto ilambulidwe udzu usanaume.