Utoto umene unachepetsa mkangano wa madokotala

Khansa ya khomo la chiberekero siibwera mwadzidzidzi. Maselo amasintha pang'onopang'ono kwa zaka khumi kapena kuposerapo, mayi ali bwinobwino, akulima ndi kulera ana. Vuto la madokotala kuyambira kale lakhala kuzindikira kusinthako nthawi ikadalipo.

Mu 1928 George Papanicolaou, dokotala wa ku Greece amene ankagwira ntchito ku New York, anauza anzake kuti maselo a khansayi amaoneka pa maikulosikopu. Ambiri sanamulabadire mpaka 1943, pamene analemba buku ndi Herbert Traut. M'zaka za m'ma 1960, Ralph Richart anagawa kusintha kwa maselo m'magawo atatu: CIN 1, CIN 2 ndi CIN 3.

Mutu unkazungulira pa gawo lapakatilo. Madokotala awiri odziwa ntchito ankatha kuyang'ana kachidutswa kamodzimodzi ka mnofu n'kusiyana maganizo, wina akuti n'kutupa chabe, wina akuti padulidwe. Mkangano umenewu sunali wa m'mabuku ayi. Kudula mbali ya khomo la chiberekero kumawonjezera chiopsezo chobereka mwana wosakwana masiku, pamene kusiya malo oopsa n'kupereka mpata kwa khansa. Wolipira anali mayi.

Njira inatseguka Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake atapeza tizilombo ta HPV 16 mu 1983 ndi HPV 18 mu 1984 m'zotupa za khansayi. Kenako mu 1993 Manuel Serrano, Gregory Hannon ndi David Beach anatulukira puloteni ya p16, imene ntchito yake ndi kuletsa selo kugawikana. Kachilombo ka HPV kakakhazikika, kamapanga puloteni ya E7, imene imalemaza ina yotchedwa pRb. Selo limayamba kupanga p16 yochuluka zedi pofuna kudziimitsa, koma osaphula kanthu, ngati wapanjinga wofinya buleki pa mtsetse waya ataduka kale.

Kuchuluka kumeneko ndiye chizindikiro. Mu 2001 gulu la Magnus von Knebel Doeberitz ku Heidelberg linasonyeza kuti p16 ingaloze maselo oopsa. Mnofu amaucheka mopyapyala, kuuika pa kagalasi n'kuuthira utoto woonetsa p16. Pamene pali vuto pamada bulawuni mosadukiza, kuyambira m'maselo apansi kukwera m'mwamba. Pabwino pamaoneka timadontho apo ndi apo, kapena osasintha n'komwe. Palinso puloteni ya Ki-67, yopezeka ku Kiel mu 1983, yosonyeza selo limene likugawikana. Ziwirizi zikakumana m'selo limodzi, ndiye kuti zinthu zasokonekera.

Mu 2012 akatswiri a ku America anagwirizana kuti p16 izigwiritsidwa ntchito pamene dokotala akukayika, osati pa mnofu uliwonse. Ndikuona kuti anaganiza bwino, chifukwa malo ena amada bulawuni koma n'kudzachira okha.

Kuno ku Malawi, kumene khansayi imapha amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse, zipatala zambiri zimayeza popaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo madokotala opima minofu ndi owerengeka. Utoto wa p16 sungathandize mayi amene sanayezedwe n'komwe. Amayi, pitani mukayezetse musanamve ululu, ndipo ana aakazi alandire katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.