Kukumbukira Juni wa 2017, Pamene Maginito Anasendedwa

Juni akafika timakumbukira zimene magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza mu Juni 2017. Gulu la Xiaodong Xu wa ku University of Washington, mothandizana ndi la Pablo Jarillo-Herrero wa ku MIT, linatenga mtundu wa maginito wotchedwa chromium triiodide n'kumausenda ndi selotepi, monga Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anachitira ndi graphite ku Manchester mu 2004. Anasenda mpaka kutsala kagawo kamodzi kosatheka kukasendanso. Kagawoko kanakhalabe maginito.

Ambiri sankayembekezera zimenezi. Mu 1966, David Mermin ndi Herbert Wagner anasonyeza ndi masamu kuti m'chinthu chopyapyala chotere, ngati timaginito ta maatomu tili ndi ufulu woloza kulikonse, kutentha pang'ono chabe kumatibalalitsa. Awiriwa sanalakwe ayi. Kungoti mu chromium triiodide ufuluwo mulibe: timaginitoto timaloza m'mwamba kapena pansi basi, n'chifukwa chake timagwirizana. Chimene chimandikometsera nkhaniyi n'chakuti ukasanjika tigawo tiwiri, kamodzi kamaloza kwina, kanzake kwina, mphamvu n'kuzimirira. Uwonjezere kachitatu, yabwerera! Apa anthu anayamba kulota za makompyuta osunga zambiri pamalo ochepa, osadya magetsi.

Koma ife a ku Tete tili ndi chifukwa chofunsira mafunso tisanaombe m'manja. Kagawo kaja kamagwira maginito pokhapokha kakazizira kufika madigiri 228 pansi pa ziro, ndipo kakangokhudzana ndi mpweya wachinyezi kamawonongeka msanga. Kuno mu Okutobala dzuwa limapitirira madigiri 40, foni n'kumatentha m'thumba. Pomwe mwala wa magnetite, wonga umene kampani ya Baobab Resources inaufufuza ku Tenge, kumpoto kwa mzinda uno, sutaya maginito ake mpaka pafupifupi madigiri 580. Pa kupirira, mwala wathu umaposa kagawo kaja kutali. Chimene ulibe ndi kusendeka.

Ofufuza anaona vuto la kuzizira lija msanga. Mu 2018, gulu la Yuanbo Zhang ku Fudan University, mumzinda wa Shanghai, linagwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi pa tigawo topyapyala ta chitsulo chosakanikirana ndi germanium ndi tellurium, ndipo maginito anakhalapo mpaka pafupifupi madigiri 27. M'mabuku amati kumeneko ndiye kutentha kwa m'chipinda. Zipinda za ku Matundo ndi ku Chingodzi kuno ku Tete, zofolera ndi malata, masana zimaposa pamenepo kutali.