Kujambula Kunali Kwaulere, Koma Anthu Sankabwera

M'zaka za m'ma 1950, boma la America linkatumiza magalimoto okhala ndi makina ojambulira m'chifuwa, pofuna kupeza msanga odwala chifuwa chachikulu cha TB. Kujambulako kunali kwaulere, ndipo galimoto inkaima pafupi ndi nyumba za anthu. Komabe ambiri sankabwera.

Kodi vuto linali pati? Katswiri wina, Godfrey Hochbaum, anafunsa anthu pafupifupi 1,200, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1958. Ena ankakhulupirira kuti nawonso angathe kudwala TB, ndiponso kuti kudziwa msanga kumathandiza. Mwa iwowa, 82 pa 100 alionse anali atajambulitsa. Mwa amene analibe maganizo awiriwa, anajambulitsa anali 21 okha pa 100.

Apa ndi pamene panachokera chiphunzitso chotchedwa Health Belief Model, chimene Hochbaum anakonza pamodzi ndi Irwin Rosenstock ndi anzawo. Ife anamwino timachiphunzira kusukulu. Chimati munthu asanapite kuchipatala amayamba wadzifunsa ngati matendawo angamugwire, ngati ali oopsa, ndiponso ngati thandizolo liposa zomulepheretsa, monga mtunda, mantha ndi mzere wautali.

Amayi, apa ndisabise: nthawi zina cholepheretsa ndife tomwe. Ndinaonapo mayi akukalipiridwa pagulu chifukwa chojomba kusikelo mwezi umodzi. Mwezi wotsatira sanabwerenso, ndipo mwana wake anaphonya katemera wa chikuku.