Dzanja la Dotolo

Kalekale m'midzi ya Angoni a kwa Gomani, monga ku Nsipe, sing'anga anali kufuna nthenda ndi zala zace. Anali kupapasa pamene wodwala anali kumva kuwawa, natema mphini kapena kulumika ndi nyanga. Koma panalibe wolimba mtima kuceka mkati mwa thupi la munthu wamoyo, pakuti ululu wace unali woopsa.

M'caka ca 1876 Dotolo Robert Laws wa Mishoni ya Livingstonia, ali ku Cape Maclear, anagonetsa mnyamata wina ndi mankhwala, dzina lace chloroform, namcotsa cotupa cimene cinali pamwamba pa diso. Anthu anazizwa poona munthu alikucekedwa osalira. Kuyambira masiku amenewo nchito ya opaleshoni inakula m'dziko muno. Dotolo anali kuima pambali pa wodwala, ndipo zala zace zinali kumuuza pamene pali pofewa ndi pamene pali polimba.

Patapita zaka zambiri, anthu a ku America anapanga makina okhala ndi mikono yacitsulo. Mikonoyo imalowa m'thupi pa timabala tating'ono, pamene dotolo wakhala pa mpando poteropo, alikuona mkati mwa wodwala pa galasi ndi kuyendetsa mikonoyo ndi zala zace. Makina a dzina la da Vinci analoledwa kugwira nchito ku America m'caka ca 2000.

Pa 7 September 2001 panacitika cinthu cacikulu. Dotolo Jacques Marescaux, ali mu mzinda wa New York, anacotsa ndulu ya mai wa zaka 68 amene anagona m'cipatala ku Strasbourg, m'dziko la France. Pakati pao panali nyanja yaikulu ya Atlantic. Dotolo akasuntha dzanja, uthenga unali kuthamanga m'nthambo, ndipo makina anali kusuntha comweco kutsidyako. Maiyo anacira.

Komabe cinthu cimodzi cinatayika. Munthu polima, khasu likagunda mwala, amamva m'manja mwace kudzera mu mpini, asanauone mwalawo. Makina oyambawo sanali kubweza kumva kotere kwa dotolo. Iye anali kudalira maso okha, kotero kuti kunali kotheka kukoka ulusi mpaka kuudula, kapena kufinya mnofu koposa muyeso. Amisiri anavutika nalo vuto limeneli nthawi yaitali. M'caka ca 2024 anaturutsa da Vinci wacisanu, amene amayesa mphamvu ku nsonga ya cida, naibweza ku zala za dotolo. Potero dzanja limene linacoka pa bala linayambanso kumva.

Nchito imeneyi yafika ndi ku Africa. Cipatala cina ca ku Pretoria cinayamba kugwiritsa nchito makina otere m'caka ca 2013, ndipo m'caka ca 2025 Dotolo Vipul Patel, ali ku Florida, anacita opaleshoni pa mwamuna wodwala khansa amene anali ku Luanda, m'dziko la Angola.

Nanga munthu wa ku Nsipe apindulanji ndi mbiri imeneyi? Madotolo a opaleshoni ngocepa m'Malawi, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda ikuluikulu. Tsiku lina makina angathe kufupikitsa ulendo wa wodwala. Koma mtengo wace ngwaukulu, ndipo amafuna magetsi osazima, nthambo zosaduka, ndi anthu ophunzira oima pambali pa wodwala, okonzeka kugwira mpeni ngati makina aima.

Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno. Lero mai wa ku Nsipe akavutika pobereka usiku, comupulumutsa ndico kufika msanga ku cipatala ca boma ku Ncheu, kumene manja a munthu wophunzira adzamgwira. Cifukwa cace mudzi wotumiza ana ace ku sukulu ulikukonza manja amene adzafunika, kaya makinawo afike kaya acedwe.