Mpando wa Makatoni ndi Ufulu wa Mwana wa ku Nakatindi

Komboni ya Nakatindi ili kumadzulo kwa tawuni ya Livingstone, m'mbali mwa msewu wopita ku Kazungula ndi Sesheke, pafupi ndi nkhalango ya Mosi-oa-Tunya moti njovu zimafika m'makomo. Misewu yake yambiri ndi yamchenga. Woyenda ndi miyendo amangodandaula fumbi, koma kwa woyenda pa njinga ya olumala, mchengawo ndiwo umagamula ngati lero afika kumsika wa Maramba kapena aswera pakhonde.

Ena mwa oswera pakhondewo ali ndi cerebral palsy, ulumali wobwera ubongo wa mwana ukavulala ali m'mimba, pobadwa kapena ali wakhanda. Kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu cha ukhanda, malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi ndizo zimayambitsa kawirikawiri. Minofu imauma kapena kugwedezeka yokha, mawu amatuluka movutikira, koma chilonda cha mu ubongocho sichikula, ndipo ambiri nzeru zawo zimakhala zonse. Dokotala wa ku London, William John Little, anafotokoza kale mu 1861 kuti kubadwa movutikira kumaumitsa ziwalo za mwana. Kuno kwathu mlandu unkagwera mayi kapena mfiti, ena nkumanong'ona kuti bambo anakhwimira mwana kuti alemere. Mwanayo ankatsekeredwa m'nyumba alendo akabwera.

Boma la Zambia litangodziimira palokha linakhazikitsa lamulo la 1968 lomwe linabala Zambia Council for the Handicapped. Maganizo a nthawiyo anali osonkhanitsa anthu aulumali pamalo amodzi, monga ku Kang'onga ku Ndola, kuti azipanga zinthu zamanja kapena kulima pansi pa owayang'anira. Maso anali pa akhungu ndi opuwala ndi poliyo. Munthu amene dzanja lake likunjenjemera ndiponso wosamveka bwino polankhula sankawerengedwa kuti angagwire ntchito iliyonse. M'zaka za m'ma 1970 nyumba za Cheshire zinafika m'dziko, ndipo zinapulumutsadi ana ambiri. Chodabwitsa nchakuti ku Le Court ku England, nyumba yoyamba imene Leonard Cheshire anatsegula mu 1948, okhalamo anali atatopa kale ndi kuuzidwa nthawi yogona. Mmodzi mwa amene anakhalako, Paul Hunt, analembera kalata nyuzipepala ya The Guardian mu 1972 kuitana anzake kuti adziyankhulire okha, ndipo chakumayambiriro kwa ma 1980 ena anatulukamo kukakhala m'nyumba zawozawo.

Ku Livingstone mphepo inali ina. Mafakitale a nsalu ndi mabulangete komanso Livingstone Motor Assemblers, yomwe inkalumikiza magalimoto a Fiat, anagwa motsatizana chuma chitasokonekera, makamaka m'ma 1990. Pamene amuna amphamvu ankasowa ganyu, ndani akanaganiza zolemba ntchito mnyamata woyenda mokoka mwendo?

Kusintha kwenikweni kunayambira pa chinthu chonyozeka: katoni yotayidwa. Ku Zimbabwe, Bevill Packer anapeza luso lomata makatoni ndi mapepala akale ndi phala la ufa, kuwasanjika mpaka kulimba ngati thabwa. Mu 1990, pa chipatala cha UTH ku Lusaka panayambika gulu la APTERS mothandizidwa ndi katswiri wa mafizo, Archie Hinchcliffe, ndipo amisiri ake ndi anthu aulumali omwe amadya za ntchitoyo. Amayeza mwana, nkumupangira mpando wogwira msana, chiuno ndi mutu, kapena choimiritsira. Wosadziwa angaone ngati masewera. Koma mwana amene wakhala akugona pamphasa akuyang'ana denga, akakhazikidwa tsonga amameza phala osatsamwa, amaona nkhope za olankhula naye, manja amamasuka kugwira supuni kenako pensulo. Mayi ake nawo amamutsitsa kumsana, nkupeza mpata wopita kukaoda tomato. Chaka chotsatira, mu 1991, DISACARE inayamba ku Lusaka komweko, nayonso ndi amisiri aulumali, ndipo inadziwika ndi njinga zolimba zoyenda m'misewu yokumbika.

Ndalama zinabwera mochedwa. Mu 2003, boma la Kalomo, kumpoto chakum'mawa kwa Livingstone, ndilo linayamba kuyesa ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, imene Amalawi amaitcha mtukula pakhomo. Inafalikira dziko lonse, ndipo banja lomwe lili ndi munthu wolumala kwambiri limalandira mowirikiza. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2010, nkukhazikitsa lamulo latsopano mu 2012 m'malo mwa lakale la 1996. Chapanthawi yomweyo bungwe la anthu aulumali la ku Norway linathandiza ntchito yofikira ana m'makomo mwawo m'maboma a Livingstone, Kazungula ndi Zimba, kuphunzitsa makolo mafizo m'malo mowalanda ana.

Azungu akamati kudziimira amatanthauza nyumba yawekha ndi wokuthandiza wolipidwa. Ku Nakatindi ochepa angafune zimenezo, poti mlongo, agogo ndi aneba ndiwo amanyamula, kusambitsa ndi kukankha njinga. Chimene wachinyamata wa cerebral palsy amalimbirana ndi chakuti ndalama ya kantemba kake kapena ya m'kanyumba ka mobile money aziwerenga yekha, kasitomala adikire amalize chiganizo, ndiponso kuti akafuna banja anthu asamuseke. Foni yathandiza kwambiri: amene lilime limamulemera amatha kulemba uthenga pa WhatsApp ndi chala chimodzi, mtengo nkugwirizana.

Lamulo la 2012 limanena za nyumba ndi zoyendera zofikirika kwa onse, komanso khadi lotsimikizira ulumali lochokera ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu aulumali. Kuti munthu apeze khadilo amayamba wakaonedwa kuchipatala, ndipo popita kumeneko makondakitala ena a minibasi amalipiritsabe njinga yake ngati katundu.