Njira ya kusukulu, kale ndi lero

Abale anga akumudzi kuno ndi inu a m'tauni, lero ndakumbukira njira ya kusukulu.

Nthawi ya Kamuzu tinkalipira fizi ndipo tinkayenda wapansi, opanda nsapato, chimanga chokazinga chili m'thumba. Koma mwana sankayenda yekha ayi. Akuluakulu patsogolo, ife tiana pakati. Mtsinje ukadzaza ankatiwolotsa atatibereka.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale. Ana asukulu anachoka pa 1.9 miliyoni n'kupitirira 3 miliyoni, ena mpaka kumaphunzirira pansi pa mtengo. Kenako kunabwera ma CDSS, koma kwa ambirife ali kutali. N'chifukwa chake atsikana athu akuchita lendi tinyumba okhaokha pafupi ndi sukulu, ena kubwerako ndi mimba. Anyamata nawo akupanikizana atatu pa kabaza wa njinga yamoto, opanda chisoti.

Miyendotu sinatilakwire, chomwe tataya ndi kuyendera limodzi. Tibwezeretse magulu aja kwa apafupi. Kwa akutali, inu a ku Lilongwe ndi ku Joni, m'malo mwa foni tumizani njinga yakapalasa. Simwa petulo, ikaphwa timamata tokha, ndipo wamkulu akamaliza Folomu 4 imatsalira mng'ono wake.